Ku Mzuzu dothi liliko, ndikudziwa

Dalaivala wa lole uja anabwera kudzaona katundu kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke. Anazungulira m'nyumba monse ku Chilomoni kuja, manja ali kumbuyo ngati woyendera sukulu. Bedi, anagwedeza mutu. Matiresi, mipando iwiri, makatoni a mabuku, mbaula, njinga yopanda tcheni, anagwedeza mutu. Furiji yomwe inasiya kuzizira chaka chatha, yomwe masiku ano ndimasungiramo shuga poopa nyerere, anaigogoda m'mbali n'kunena kuti, "Iyi tiyimika kukona, ilibe vuto." Kenako tinatulukira pakhonde.

"Bwana, izinso zikupita?"

Zinalipo 14. Tsabola wa kambuzi m'zigubu ziwiri zodula pakati, aloe vera m'zitini zitatu za penti, lemonigilasi mu beseni lobooka, mpungabwi, rozi imodzi, maluwa angapo a masamba ataliatali ngati malupanga aja, ndi kamtengo ka mandimu kondifika m'chiuno, kali mu ndowa ya malita 20.

"Zikupita," ndinatero.

Munthuyo anaseka mpaka kugwira chitseko. Achimwene anga aakulu, omwe anabwera kudzandithandiza kumanga katundu, sanafune kutsalira. "Kodi iwe, ku Mzuzu kulibe dothi?" Pofika madzulo funso limeneli linali litafika pa gulu la WhatsApp la kubanja, chithunzi cha khonde langa chili pamwamba, tinkhope toseka tili mbwee pansi pake. Msuweni wina analemba kuti sukulu ikachuluka imawononga mutu. Wina anati izi ndi zachizungu. Azakhali anangofunsa ngati ndili bwinobwino.

Papita miyezi itatu tsopano ndipo mkwiyo sunandithere, ndiye ndati ndilembe. Ndikulembera inu nonse amene mukaona munthu akukweza chomera pa lole mumaona wamisala, koma mukaona akukweza wailesi yakufa ya malemu agogo ake mumathamanga kukamugwirira mbali inayo.

Mawu amene ndinawamva kwambiri sabata imeneyo ndi akuti, "Zisiye, ukagula zina konko." Amamveka anzeru. M'mphepete mwa misewu ya m'tauni iliyonse muli anyamata ogulitsa mbande m'machubu, ku Mzuzu alikonso, ndawaona. Koma chimene amagulitsa ndi kambande ka masamba anayi. Mandimu anga ndinawadzala ndekha kuchokera ku njere mu 2020, ndili pa ulova, nditangochoka ku Zomba ndi digiri yomwe palibe ankaifuna. Mandimu odzala ndi njere amachedwa kubereka, amatha zaka zambiri asanaonetse ndi duwa lomwe, ndipo anga mpaka lero sanabereke. Ndawathirira pa nthawi imene mipopi inkauma masiku atatu, ndi madzi otsukira mpunga. Ndawachotsa mbozi zobiriwira zija ndi zala. Mundiuze sitolo imene ndingalowe n'kunena kuti ndikufuna zaka zonsezo, mundikulungire. Fodya n'uyu ali pamphuno. Zimene mukundilonjeza kuti ndikagula konko n'za mphepo.

Koma nkhani yeniyeni si mandimu. Nkhani ndi lendi.

Kuchokera pamene ndinamaliza sukulu ndasamuka kasanu. Ndirande, Chirimba, Chirimba yomweyo nyumba ina, Chilomoni, ndiye kuno. Palibe ulendo ndi umodzi womwe umene ndinasamuka chifukwa chofuna kuona dziko. Pena lendi inakwera, pena madzi ankalowa m'nyumba nthawi ya dzinja, ulendo uno ndi ntchito. Anzanga amsinkhu wanga nkhani yawo ndi yomweyi. Puloti sitiikwanitsa, ndipo amene anaikwanitsa anaigula kutali kumene minibasi sifika, ili ndi njerwa zikumera ndere. Tikukalamba m'nyumba za eni.

Ku Chirimba koyamba kuja ndinachita zimene munthu wolera bwino amachita. Kuseri kwa nyumba kunali kamalo kotayirako phulusa. Ndinakasesa, ndinakumba maenje, ndinadzala mapapaya atatu ndi mtengo umodzi wa mapeyala. Mapapaya sachedwa, chaka chisanathe anali atayamba kulendewera. Tsiku lina alandilodi anafika ndi ulemu wonse, chipewa chili m'manja. "Achimwene, pepani, mwana wanga akubwera kuchokera ku Joni, nyumbayi ikufunika mwezi ukatha." Mwana wa ku Joni ameneyu aliyense wa lendi amamudziwa. Sabwera. Amene anabwera ndi wa lendi wina wolipira zambiri. Patapita miyezi ndinadutsako, ndinapeza kabenchi pageti, mapapaya anga ali pamenepo, mtengo wake utalembedwa pa katoni. Ndinagula limodzi. Linali lokoma, ndisaname.

Alandilodi aja sanabe kanthu. Chimene chamera m'nthaka ndi cha mwini nthaka, ndipo mtengo wa mapeyala sungauzule n'kuukweza pa kabaza. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuti munda wa munthu wa lendi uyenera kukhala ndi chogwirira. Chigubu chodula pakati ndi munda wanga. Ndowa yobooka ndi dimba langa. Ndiye mukandiuza kuti ndizisiye, mukundiuza kuti ndisiyirenso landilodi wina thukuta langa kachiwiri, kapena kuti ndisamadzale n'komwe kufikira tsiku limene ndidzakhale ndi puloti. Tsikulo ndi liti? Ndikadzafika zaka 45? Kufikira pamenepo ndizikhala pa bwalo losesedwa mbee, lopanda ndi tsamba lomwe, ndizigula tsabola wa K200 tsiku ndi tsiku, ndiziyang'ana mpanda wa njerwa wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba?

Ambiri mwa ife ndi mmene tikukhalira, ndipo tazolowera mpaka tayamba kuseka amene sanazolowere. Lowani m'nyumba za anyamata ndi atsikana ogwira ntchito m'tauni muno. TV yaikulu ngati chitseko, sofa ya ngongole, pakona pali maluwa apulasitiki atachita fumbi. Chamoyo m'nyumbamo ndi mwini wake ndi mphemvu basi. Ndiye chaka chilichonse, kuyambira pa 15 December mpaka pa 15 April, timamva za nyengo yodzala mitengo. Akuluakulu amavala magambutsi atsopano, amagwada pa kamphasa kuti buluku lisade, amajambulitsa atagwira kambande, tonse timaomba m'manja pa Facebook. Pitani pamalo pomwepo mu September mukawerenge zimene zatsala. Kudzala aliyense amadzala. Chimene chimativuta ndi kukhala nacho chomera chija chaka chachiwiri, chachitatu, chikadwala, madzi akavuta, ukamasamuka. Munthu amene wachita zimenezo ndi amene timamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Za "zachizungu" zija ndiye zinandipweteka mwapadera, chifukwa ananena ndi munthu amene mayi ake, azakhali anga omwe aja, sanabwerepo kumudzi ku Mulanje chimanjamanja. Amabwera ndi mitengo ya chinangwa atamanga ndi luzi, mbewu ya mbatata ili m'thumba lonyowa, nzimbe zoti akadzale kuseri kwa bafa. Amayi athu akhala akuyenda ndi mbewu m'mabasi kuyambira kale, ataimanga pa nsonga ya chitenje. Mkazi akamakwatiwa kumudzi kwina ankapita ndi nthanga za maungu akwawo. Palibe anawatcha azungu.

Ndipo tikati tifufuze bwino, m'mbale mwathu muli chiyani chimene sichinachite kunyamulidwa? Chimanga kwawo ndi ku America. Chinangwa, mbatata, tomato, mtedza, ngakhale tsabola amene kambuzi wathu timamunyadirayu, zonsezi makolo ake anachita kuwoloka nyanja. Mango kwawo ndi ku Asia. Nsima imene mumati ndi chikhalidwe chathuyi ilipo chifukwa munthu wina, zaka mazana apitawo, anakana kumvera mnzake amene ankamuuza kuti zisiye, ukapeza zina konko. Mu 1878 mlimi wina wa ku Scotland, Jonathan Duncan, anafika ku mishoni ya Blantyre ndi mbande za khofi zochokera ku munda wa zomera wa ku Edinburgh. Anayenda nazo pa nyanja, kenako pa mtsinje, kenako pa mtunda, ndipo imodzi yokha ndi imene inapulumuka. Minda ya khofi ya ku mapiri a Shire inayambira pa kamtengo kameneko. Zimene minda ya atsamunda inadzachita kwa makolo athu, kulanda malo ndi thangata, ndi nkhani yowawa ndipo sindikuikometsa. Ndikungonena kuti mbiri ya dziko lino inatembenukapo chifukwa cha chomera chimodzi cha mu m'phika chimene munthu anakana kuchisiya padoko. Ine ndimangopita pa Mzuzu pomwepa.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene otsutsa akanatha kundigonjetsa nacho, koma palibe anachitchula, chifukwa iwo ankafuna kuseka basi. Chomera chimayenda ndi matenda ake. Ife a ku Mulanje ndi ku Thyolo timadziwa zimene chisaka chinachita ku nthochi. Matendawa amafala ndi nsabwe za m'mbewu, koma amene amawapititsa kutali ndi munthu wonyamula mphukira za nthochi kuchoka m'munda wodwala kupita nazo boma lina, ali ndi mtima wabwino ndithu. Minda inatha, dziko lolima nthochi n'kuyamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Namasupuni amene amadzaza mu Shire n'kumatseka makina a magetsi ku Nkula kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankakonda duwa lake. Ndiye inde, pali zosayenera kunyamula. Nthochi ine sindinganyamule ngakhale mutandilipira. Chomera chodwala, cha masamba opiringizika kapena chodzaza tizilombo toyera tija, chiotcheni komweko. Ndipo ngati mukudutsa malire a dziko, pa Mwanza, pa Mchinji, pa Songwe kapena pa ndege, zomera ndi dothi zimafuna chilolezo cha a zaulimi, osati kubisa pansi pa zovala. Lamulo limeneli ndilibe nalo mkangano. Zanga ndinaziyang'ana tsamba ndi tsamba, pansi ndi pamwamba, ndipo rozi ina yomwe inali ndi nsabwe sinakwere. Koma kusamala matenda ndi nkhani ina, kuseka munthu ndi nkhani inanso. Amene ankaseka aja sakudziwa n'komwe kuti chisaka chimafala bwanji.

Dalaivala anawonjezera K20,000 pa mtengo umene tinagwirizana, akuti dothi ndi lolemera. Apa sananame. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, ndipo dothi lonyowa limaposa pamenepo. Ndinalipira. Chimene chinandinyansa n'chakuti furiji yakufa ija sanailipiritse kanthu.

Kwa amene mukufuna kuchita zomwezi, ulendo wake unayenda chonchi. Kutatsala masabata awiri ndinachotsa zomera ziwiri zimene zinali m'miphika yadothi n'kuziika m'zidebe zapulasitiki, chifukwa m'phika wadothi pa mabampu a M1 ndi phale kale. Ndinadulira nthambi zazitali za mandimu ndi tsabola, lemonigilasi ndinamumeta n'kutsala chibwano. Masamba akachepa chomera chimataya madzi ochepa. Kuthirira ndinathirira kutatsala masiku awiri, kuti dothi likhale lachinyezi koma losadontha. Pamwamba pa chidebe chilichonse ndinayala nyuzi zonyowa n'kumanga ndi chiguduli cha thumba kuzungulira tsinde, kuti dothi lisakhuthuke galimoto ikadumpha. Zing'onozing'ono ndinaziika m'makatoni oboola m'mbali, mipata n'kutsekamo ndi zovala zakale. Kuonjezera apo ndinadula timitengo ta rozi ndi ta mpungabwi, ndinatikulunga m'nyuzi yonyowa, ndinatenganso njere za kambuzi wouma mu envelopu, zonsezi m'chikwama changa cha kumsana. Ndinkadziwa kuti pa 14 paja ena safika.

Ndipo ndinalakwitsa ziwiri. Choyamba, m'mawa wa ulendowo chisoni chinandigwira, ndinathiranso madzi mu beseni la lemonigilasi, beseni lobooka lija, lomwe anyamata okweza katundu analiika pamwamba pa matiresi. Mpaka lero matiresi anga ali ndi mapu a dziko losadziwika. Chachiwiri ndi chimene chimandiwawa. Tinagwirizana kunyamuka 4 koloko m'mawa kuti tidutse kotentha dzuwa lisanakwere. Dalaivala anafika 9 koloko, mwezi wa October. Ndinkafuna kuti zomera zikhale kutsogolo kwa bodi, kuseri kwenikweni kwa kabini kumene mphepo siomba kwambiri, zitaphimbidwa ndi masaka okha kuti mpweya uzilowa. Iye anati tenti yake yakuda iphimbe zonse pamodzi, apo ayi apolisi azitiimitsa paliponse. Ndinatopa ndi kukangana, achimwene ali pambali akuseka, ndinavomera.

Kuchoka ku Blantyre kufika ku Mzuzu pa M1 ndi makilomita oposa 600. Amene mumayenda msewuwu mukudziwa kuti ukangotsika ku Lirangwe kulowera ku Zalewa, mphepo yolowa pawindo imakhala ngati yochokera mu uvuni. Pa rodibuloko ya pa Zalewa tinaima pafupifupi ola, dalaivala akukambirana ndi eni msewu nkhani zimene sizinandikhudze. Ndinakwera pamwamba n'kukweza tenti ija. Fungo limene linatuluka linali la ndiwo zamasamba zili pamoto. Mpungabwi unali utagona ngati wothiridwa madzi otentha. Rozi masamba ake anali atada. Pamenepo ulemu unandithera. Ndinauza dalaivala kuti tenti ipindidwe mbali ya zomera, apo ayi anditsitse pompo ndi katundu wanga yense, ndalama yotsala aiwale. Anaipinda. Wapolisi wina amene ankaonerera anayandikira, anasuzumira, anafunsa ngati uyo ndi kambuzi weniweni. Ndinamuthyolera asanu.

Kuyambira pa Ntcheu mpweya unayamba kupepuka, pa Dedza kunali kozizira ndithu. Mandimu ndinawatsitsa pa bodi n'kuwalowetsa mu kabini, ndowa ili pakati pa miyendo yanga, minga ikundibaya m'maondo kudutsa Lilongwe, Mponela, Kasungu, mpaka Jenda. Tinalowa m'Chikangawa usiku. Nyali za lole zinkaunika mbali zina mitengo ya paini, mbali zina zitsa zokhazokha ndi malo opsa, mtunda wautali. Dalaivala, amene tsopano tinali titayamba kugawana chimanga chootcha, anati ali mwana nkhalango imeneyi munthu sunkaona kumwamba. Anadandaula kwambiri za anthu osasamala mitengo. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana ndowa inali pakati pa miyendo yangayo, sindinanene kanthu. Minga inali itandikwana.

Zinafika zamoyo 11. Mpungabwi unafa, rozi inafa, ndi kaduwa kena kofewa komwe sindinkadziwa ndi dzina lake lomwe. Aloe vera ndi malupanga aja anatsika pa lole ngati sanayende n'komwe, amenewo ngakhale mutawatumiza pa basi okha akafika. Zotsalazo ndinaziika pamthunzi sabata yathunthu, osathira feteleza, osazisintha dothi, madzi pang'onopang'ono. Chomera chimene chavutika pa ulendo mizu yake imakhala yofooka, ukachithira feteleza umangochiotcha. Timitengo ta mpungabwi ta m'chikwama tija ndinatiika mu botolo la madzi pawindo, tiwiri tinatulutsa mizu. Ta rozi tonse tinauma.

Ndisanamalize ndikhudzeko anzanga a mbali yanga, chifukwa nawonso amandikwiyitsa. Pali kagulu kamene kayamba kugula maluwa chifukwa amaoneka bwino kumbuyo kwa chithunzi cha pa Instagram. Amagula odula, m'miphika yopaka utoto, ndipo tsiku losamuka amawasiya m'nyumba yokiyidwa kuti afe ndi ludzu mumdima. Nyumba imene ndinalowa ku Chilomoni ndinapeza mitembo itatu yotere pawindo la kubafa. Ngati simungathe kunyamula, palibe mlandu. Mwina mukupita pa basi, mwina mukupita kunja, mwina ndalama ya lole yakwanira bedi lokha. Gogodani kwa aneba, apatseni. Dulani kanthambi, tengani njere, zimenezo zimakwana m'thumba la malaya. Koma kusiya chamoyo chimene munachizoloweza madzi a m'manja mwanu kuti chiume pang'onopang'ono kuseri kwa loko, pamene mwakumbukira kunyamula ndi tsache lomwe, kumeneko ndiye kuipa mtima.

Ndipo kwa achimwene, poti ndikudziwa kuti muwerenga ngakhale mumanamizira kuti simuwerenga zolemba zanga: inde, ku Mzuzu dothi liliko. Ndi lofiira, mvula imagwa yambiri, zinthu zimamera mosanyengerera. Koma dothi limeneli lili ndi eni ake, monga la ku Chirimba lija. Langa ndi lomwe lili mu ndowa. Komanso sabata yatha munatumiza uthenga wofunsa ngati kambuzi uja wayamba kubereka, kuti ndikutumizireniko pa basi. Wayamba. Ndikuganizabe.

Mandimu anayoyola masamba pafupifupi onse m'sabata yachiwiri, anatsala ndodo yaminga. Ndinkakanda khungwa ndi chikhadabo m'mawa uliwonse kuona ngati mkati mukadali mobiriwira. Panopa atulutsa timasamba kunthambi ziwiri, mbali inayo ikadali mbulanda, sindikudziwa ngati idzabwerere. Furiji ili pakona, ikusunga shuga.

Alandilodi akuno ndi mayi wachikulire, amakhala nyumba yakutsogolo. Dzulo anandipeza ndikuthirira, anapereka moni wa Chitumbuka, ndinayankha mopunthwa monga mwa masiku onse. Anayendera zidebe zija chimodzichimodzi, ananunkhiza lemonigilasi, anagwira tsamba la mandimu. Kenako anati, "Mwana wanga, maluwa awa ndawakonda. Mukamadzachoka mudzandisiyire."

Ndinawauza kuti ndidzawadulira nthambi.